Munda ndi wa Wina, Nanga Mango ndi a Yani?

Pa tchuthi chachitali chapitachi ndidapita kwathu ku Bolero m'boma la Rumphi, m'chigwa cha Nkhamanga, komwe kuli likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe. Ndidafika Lachiwiri madzulo. Loweruka lake m'mamawa atate adandidzutsa nati ndivale bwino chifukwa tikupita kubwalo la a nyakwawa. Ndidayesa kuzemba ponena kuti nkhani za akuluakulu si zanga, koma iwo adati: "Iwe ukufuna kudzakhala wansembe. Kodi ukuganiza kuti anthu azidzabwera kwa iwe ndi nkhani za Misa zokha? Tiye ukamve." Nditafika kubwaloko ndidapeza kuti mlanduwo udali wa banja lathu lomwe, ndipo ndiwo wandichititsa kulemba phunziro lino.

Nkhani yake ndi iyi. Ine ndisanabadwe, bambo wina wochokera ku Chitipa adabwera kwathu kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya. Esitetiyo itagwa, iye adatsala padzuwa ndi mkazi wake ndi ana awiri, alibe ngakhale ndalama yobwererera kwawo. Agogo anga aamuna adamumvera chisoni namubwereketsa mbali ina ya munda wawo, cha kufupi ndi khwawa. Sadalembe chilichonse, ndipo sadagwirizane za lendi. Bamboyo ankangobweretsa dengu limodzi la chimanga chaka ndi chaka pothokoza. M'kupita kwa nthawi adabzala mitengo 6 ya mango, nthochi za m'mbali mwa khwawa, kenaka adamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi kufolera malata. Agogo ankaona zonsezi osanena kanthu. Tsopano agogowo adatisiya, ndipo atate aang'ono, omwe akhala zaka zambiri ku Johannesburg, abwerera kumudzi. Akufuna munda wa atate awo kuti amange nyumba ndi kulima fodya.

Pabwalopo atate aang'ono adati munda ngwa banja lathu, chobwereka sichisanduka cha wobwereka ngakhale chigone zaka 100. Bambo wa ku Chitipa uja, yemwe tsopano tsitsi lake lidayera, sadakane kuti mundawo adachita kubwereka. Iye adangofunsa kuti: "A nyakwawa, nanga mango amene ndidabzala ndi manja angawa, amene achita maluwa pakali pano, ndi a yani?" Bwalo lonse lidakhala chete. A nyakwawa adati apita kaye kukakambirana ndi nduna zawo, tidzakumanenso Loweruka linalo.

Sabata imeneyo ndidakumbukira mawu awiri amene tidaloweza pa phunziro la Chilatini, usus ndi fructus. Loyambalo likutanthauza kugwiritsa ntchito chinthu, lachiwirilo likutanthauza chipatso kapena phindu. Aroma adalumikiza mawu awiriwa napanga dzina lakuti ususfructus, kutanthauza ufulu umene lamulo limapatsa munthu wogwiritsa ntchito ndi kudyerera chinthu cha mwini wake. Akatswiri a malamulo adazolowera kugawa mphamvu za mwini chinthu patatu: kuchigwiritsa ntchito, kutenga phindu lake, ndi kuchita nacho chomwe akufuna monga kuchigulitsa, kuchipereka kwa wina kapena kuchiwononga kumene. Mphamvu yachitatuyi amaitcha abusus. Munthu wa ususfructus amalandira ziwiri zoyambazo, yachitatu imatsala m'manja mwa mwini. Kotero chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi anthu awiri oyima pa icho, aliyense ndi ufulu wake weniweni umene mnzakeyo sangauphwanye.

Malamulo amenewa adasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Digest, lomwe Mfumu Justinian idakhazikitsa m'chaka cha 533, ndipo ambiri mwa mawu ake ndi a akatswiri akale monga Paulus ndi Ulpian. Odziwa mbiri amati Aroma adayambitsa ufuluwu makamaka poganizira akazi amasiye. Mwamuna ankalemba kuti chuma chake chidzakhale cha ana, koma mkazi wake azidyerera mpaka imfa yake. Ufuluwu udali ndi malire omveka. Wodyererayo adayenera kulonjeza kuti adzasamala chinthucho monga amachitira munthu wanzeru ndi wokhulupirika, ndipo kuti adzachibweza nthawi ikakwana. Sankaloledwa kusintha maonekedwe ake, mwachitsanzo kusandutsa nyumba yogonamo kukhala malo a malonda ena achilendo. Ndipo iye akamwalira ufuluwo unkafera pomwepo, ana ake sankaulowa ngati cholowa.

Anzanga a kumudzi aona kale kuti izi si zachilendo kwa ife. Kwathu ku Nkhamanga munthu amene ali ndi ng'ombe zambiri, kapena amene akukhala m'tauni, amaika ng'ombe zina m'khola la mbale wake. Wosungayo amakama mkaka, amatenga ndowe za m'khola kukathira kumunda, ndipo mwini akalola amazimanga pa ngolo kapena pa pulawo. Koma sangaphe ng'ombeyo, sangaigulitse, ndiponso sangakaipereke pa lobola la mwana wake. Pano pali kusiyana kumodzi kumene kudandidabwitsa. Kwa Aroma ana a ziweto ankawerengedwa ngati zipatso, motero ankakhala a wodyererayo, malinga ngati iye akubwezeretsa m'malo mwa zakufa kuti chiwerengero cha gulu chisatsike. Kwathu mwana wa ng'ombe amatsata mayi wake, ndiye kuti ndi wa mwini ng'ombe, ndipo wosungayo amangopatsidwako imodzi mwini akafuna kuthokoza. Chinanso choyenera kuchidziwa n'chakuti ngakhale Aroma ankasunga akapolo, akatswiri awo adakana kuti mwana wa mdzakazi awerengedwe ngati chipatso. Ngakhale m'mdima wa ukapolo adaona kuti munthu safanana ndi thole.

Tsono tibwerere ku mango aja. Malamulo a Aroma akadayankha funso la bambo uja motere: mtengo ukangomera mizu umakhala wa mwini nthaka, koma zipatso zake ndi za wodyerera kuyambira pomwe wazithyola. Mwambo wathu umaona mwina. Kwathu mtengo umakumbukira amene adaubzala, ndipo munthu akafuna kutsimikiza kuti malo ndi ake amaloza mitengo ya makolo ake ndi manda awo. N'chifukwa chake akuluakulu pobwereketsa munda amaneneratu kuti ulime chimanga, mtedza kapena nyemba, koma usabzale mitengo yokhalitsa, usamange nyumba ya njerwa ndiponso usaikepo maliro. Agogo anga sadaneneretu zimenezi, ndipo ataona mitengo ikukula sadaletse. Ine ndiganiza kuti vuto lonse lidagona pamenepo. Kukoma mtima kwawo kudali kwenikweni, koma kudasiyira ana awo mfundo yoti amasule.

Malamulo a boma lathu adachokera ku England, ndipo kumeneko dzina la ususfructus silidazike mizu monga lidachitira ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Komabe chinthucho chilipo ndithu. Lamulo la za malo la 1965 lidagawa malo a m'Malawi patatu: malo a boma, malo a munthu payekha, ndi malo a makolo omwe mafumu amayang'anira. Lamulolo lidati malo a makolo ndi chuma cha anthu a m'Malawi, koma lidawaika m'manja mwa Pulezidenti mpaka muyaya. Mfumu inkagawa malo potsata mwambo, banja linkalima ndi kukolola, ana ankalowa m'malo mwa makolo, koma pamaso pa lamulo palibe mlimi wa kumudzi amene adali mwini nthaka yoti n'kuigulitsa. Tinganene kuti agogo anga omwe adali odyerera chabe, ndipo bambo wa ku Chitipa adali wodyerera pansi pa wodyerera mnzake. Anzathu a ku Mozambique adachita kulemba poyera: nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Lamulo lawo la 1997 lidapatsa anthu ndi midzi ufulu wogwiritsa ntchito ndi kupindula ndi nthaka, umene amautcha mwachidule DUAT.

Pansi pa lamulo la 1965 lomwelo, nduna ya boma idali ndi mphamvu yopereka malo a makolo pa lizi, ndipo ndi momwe maesiteti a fodya adachulukira ku Rumphi, ku Mzimba ndi ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Nthawi imeneyo fodya wa bale ankaloledwa pa maesiteti pokha. Alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa m'chaka cha 1990. Munthu wa lizi naye ndi wodyerera: amalipira lendi kuboma, amagwiritsa ntchito malowo kwa zaka zowerengeka, ndipo pepala lake limamuteteza. Koma pansi pake padali tenanti, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kuti tiyime pang'ono. Tenanti ankapatsidwa chigawo cha munda, mbewu, feteleza ndi phoso, zonse pa ngongole. Iye ndi mkazi wake ndi ana ankafesa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Fodya akauma sankaloledwa kupita naye kuokushoni. Ankamugulitsa kwa mwini esiteti yekhayo pa mtengo umene tenantiyo sankaukhazikitsa, ndipo akachotsa ngongole ya phoso ndi feteleza ambiri ankatsala ndi zochepa, ena osatsala ndi kanthu. Tikayesa ndi muyeso wa Chilatini uja, tenanti adali ndi usus koma fructus idali ya wina. Ankagwiritsa ntchito munda popanda ufulu pa zipatso za thukuta lake. Izi zidafanana ndi thangata ya m'nthawi ya atsamunda, imene idali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 ndipo idathetsedwa mu 1962. Nyumba ya Malamulo idaletsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la za ntchito. Koma anthu amene utenantiwo udawataya kutali ndi kwawo alipobe m'midzi mwathu, akukhala pa minda yobwereka monga bambo wa m'nkhani yathuyi.

Chimene chachititsa kuti milandu yotere itenthe masiku ano ndi malamulo atsopano. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la za malo pamodzi ndi lamulo la malo a makolo, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo onse awiri adakonzedwanso mu 2022. Malamulowa adatsekula njira yakuti munthu kapena banja alembetse malo awo a makolo ndi kulandira chiphaso. Lamulo la 2016 lidakhazikitsanso makomiti a malo m'midzi, otsogozedwa ndi a gulupu, momwe theka la anthu osankhidwa liyenera kukhala amayi. Cholinga chake n'chabwino, popeza munthu wa chiphaso savuta kumuteteza. Koma funsani nokha: tsiku lolembetsa likafika, nanga alembe dzina la yani, la amene akumupeza akulima kapena la amene adabwereketsa? Atate aang'ono sadanene izi pabwalo, koma kunyumba adaulula kuti mantha awo enieni ndi amenewa. Naye wobwereka ali ndi mantha ake, akuti chiphaso chikatuluka m'dzina la banja lathu adzathamangitsidwa m'mawa mwake. Pangano la pakamwa lidakwanira pamene onse awiri adali moyo ndipo malo adali ambiri. Lero onse ochitira umboni akutha ndipo malo achepa.

Kwathu tili ndi chitsanzo china chimene mwana aliyense amachidziwa. Kumadzulo kwa Bolero kuli nkhalango yotetezedwa ya Vwaza, yomwe idakhazikitsidwa mu 1977, ndipo kumpoto kuli Nyika, yomwe idasanduka paki mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978. Mabanja ambiri adasamutsidwa m'malo amenewa, ndipo kwa zaka zambiri munthu wopezeka m'katimo ndi chikwakwa ankatengedwa ngati wakuba. Pambuyo pake boma lidayamba kugwirizana ndi midzi yozungulira kuti anthu azilowa ndi chilolezo pa nyengo zoikika kukamweta udzu wofolera, kukazula bowa ndi kukafula uchi m'ming'oma yawo. Nyama saloledwa kupha, mitengo yaiwisi saloledwa kudula, munda saloledwa kutsekula. Uku ndiye kudyerera kosunga chinthu chili chonchobe. Komabe agogo ena akamamweta udzuwo amaloza malo pomwe padali mudzi wawo, ndipo sindidziwa ngati pali mawu a Chilatini otchulira munthu amene akupempha chilolezo pa bwinja la atate ake.

Kwa makolo amene akuwerenga, nkhani ya amayi amasiye ndiyo ikukhudzani kwambiri. Kumpoto kuno mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo munda umene amalima ndi wa banja la mwamunayo. Mwamuna akamwalira, mwambo wabwino umati mayiyo akhale pomwepo, alime ndi kulera ana. Koma tonse taonapo achibale akunyamula katundu maliro asanazizire. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo lidati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lidanenanso kuti wotsalayo akakwatiwanso sataya cholowa chake, kupatula chuma chimene chili pa malo a makolo, chomwe chimapita kwa ana a malemuyo. Taonani kuti tabwerera pomwe Aroma adayambira: mayi adyerere, ana asungiridwe.

Nanga Eklezia akutiphunzitsa chiyani? Mutu 25 wa buku la Levitiko umaletsa Aisraele kugulitsiratu nthaka chifukwa mwini wake ndi Chauta, iwo ndi alendo chabe pa iyo. Mutu 23 wa Deuteronomo umalola wapaulendo kudya mphesa m'munda wa mnzake mpaka kukhuta, koma osanyamula m'dengu. Rute, mlendo wa ku Mowabu, adapulumuka ndi apongozi ake pokunkha m'munda wa Bowazi. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti n'kololedwa kuti munthu akhale ndi zinthu zakezake, popeza chinthu cha mwini chimasamalika bwino, koma pozigwiritsa ntchito azione ngati za onse, akhale wokonzeka kugawana ndi osowa. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican udabwereza chiphunzitso chomwechi mu 1965 m'chikalata cha Gaudium et Spes, ndime 69.

Pali nkhani ina ya m'mbiri ya Mpingo imene idandisangalatsa. Abale a chipani cha Francis Woyera wa ku Assisi ankafuna kukhala opanda chilichonse, komabe ankagona m'nyumba, kuwerenga mabuku ndi kudya. Mu 1279 Papa Nicholas III adagamula kuti zinthu zimenezo mwini wake ndi Mpando wa Papa, abalewo amangozigwiritsa ntchito. Mu 1322 Papa John XXII adakana kupitiriza dongosololi. Iye adati pa zinthu zimene zimatha pozigwiritsa ntchito, monga chakudya, sungalekanitse kugwiritsa ntchito ndi umwini. Pamenepa ndikuona kuti adanena zoona. Nsima imene ndadya kuchipinda chodyera sindingaibweze ili yonse kwa mwini wake. N'chifukwa chake ufulu umene tikuphunzirawu umayenera bwino pa munda, nyumba, ng'ombe ndi mitengo, pomwe thumba la chimanga kapena ndalama zimasanduka ngongole.

Ife amene tikukonzekera unsembe tidziwiretu kuti moyo wathu wonse tidzakhala odyerera. Nyumba ya ansembe, galimoto la parishi, munda wa mishoni ndi chigayo si za Bambo Mfumu. Malamulo a Mpingo a 1983 amati, pa nambala 1256, chuma ndi cha parishi kapena dayosizi imene idachipeza movomerezeka. Nambala 1283 imalamula woyang'anira kulemba mndandanda wa katundu yense asanayambe ntchito, ndipo nambala 1284 imamuuza kusamala monga amachitira mwini banja wabwino, mawu amene akutikumbutsa lonjezo la kwa Aroma lija. Maphunziro ake tidayamba kale pano pa seminale, ndi bedi, desiki, khasu ndi mabuku a m'laibulale zimene tidalandira tsiku loyamba ndipo tidzasiyira a Fomu 1 akubwera. Amene amalemba maina awo pa desiki ndi kampasi akuchita abusus pa chinthu chimene adangopatsidwa usus yokha. Ndikupemphanso mwaulemu ansembe athu kuti pamene akristu akubwereka minda pa malo a mishoni, pangano lizilembedwa: ndani, chigawo chiti, mpaka liti, ndipo aloledwa kubzala chiyani. Wansembe amasamuka, koma wobwereka amatsala ndi mitengo yake, ndipo amene adzalowe m'malo ndiye adzaone zimene atate anga aona.

Loweruka linalo tidabwereranso kubwalo. A nyakwawa adayamba ndi kufunsa bambo wa ku Chitipa ngati adalekezapo kupereka dengu la chimanga lija. Iye adati sadalekeze, ngakhale chaka cha njala, ndipo atate adavomereza kuti agogo atamwalira dengulo lakhala likubwera kwa iwo. A nyakwawa adati dengu limenelo ndiye mboni yaikulu pa mlanduwu, chifukwa likusonyeza kuti wobwereka sadaiwale mwini munda, ndiponso kuti eni munda sadaleke kumulandira. Adagamula kuti nthaka yonse ndi ya banja lathu. Chigawo cha kumtunda, chopanda mitengo, chibwerere kwa atate aang'ono mvula isanagwe. Nyumba ndi chigawo cha kukhwawa zikhale m'manja mwa bamboyo moyo wake wonse. Mango ndi nthochi azithyola, azidya ndi kugulitsa, koma asadule mtengo, asabzale wina, asagulitse kapena kubwereketsa malowo, ndipo ana ake akadzafuna kukhalapo adzapemphe mwatsopano. Atate aang'ono adang'ung'udza kuti nthaka yabwino ndi ya kukhwawa, koma adawomba m'manja monga mwa mwambo.

Kenaka atate adatulutsa kope latsopano m'thumba nandipatsa kuti ndilembe chigamulocho. Ndidalemba kawiri, mbali zonse zidasayina ndipo a nyakwawa adadinda chidindo chawo. Ndikutseka kopelo, mayi wa bambo uja, amene adakhala chete milandu yonse iwiri, adagwada nafunsa kuti: "Nanga abambo akunyumbawa akatsogola, ine ndidzapita kuti?" A nyakwawa adayang'ana atate, atate adayang'ana atate aang'ono. Adagwirizana kuti ayambe amva maganizo a azakhali athu aakulu, ankhazi monga timanenera kwathu, omwe ali ku Mzuzu ndipo adzabwera pa Khirisimasi. Atate adandiuza kuti ndisiye tsamba limodzi losalemba, ndipo kopelo ali nalo m'sutikesi mwawo.